Gwatero wa Zikhadabo

Kalata ya kuchipatala inafika Lachinayi, mvula ili mkati. Uberlinda Cárcamo anaiwerenga ataimirira pafupi ndi chitofu, kenako anaipinda kanayi n'kuitsindika ndi chitini cha shuga. Inkati apite ku Puerto Montt Lolemba la sabata yachiwiri ya Juni akagonekedwe, ndipo Lachiwiri m'mawa madokotala akamutsegule pachifuwa kuti akonze mtima. Mtimawo unali utayamba kale kudumphadumpha ngati makina osokera akamasiya mipata pamsoko. Mpeni sunamuopse. Munthu amene wadula nsalu za anthu zaka makumi asanu amadziwa kuti chong'ambika chimasokedwa. Chimene chinamukhazika pansi chinali china: masabata onse amene adzakhale kulibe, adzamudzutsa ndani mwamuna wake Nolberto?

Kuno pachilumba cha Chiloé mwana amadziwa gwatero asanadziwe dzina la abambo ake. Alipo wa labala, wothira madzi owira, wogula kusitolo, amene amadikira tsiku lozizira koposa kuti aphulike. Ndiye alipo wa Donya Ube, monga timamutchulira Uberlinda: kathumba ka nsalu ya thonje kodzaza tirigu, kotenthetsa mu uvuni n'kuika pamene pakuwawa. Msana wa msodzi, bondo la wansembe, mimba ya mtsikana, khosi la woyendetsa basi, zonsezi zinkamvera kathumbako. Koma mukafunsa aliyense pamsika kuti gwatero wabwino ndi uti, adzakutsinzinirani diso n'kukuuzani kuti ndi wa zikhadabo, kutanthauza munthu amene mumafunda naye bulangete limodzi. Nthabwalayi ndi yakale ngati mvula yathu, ndipo ndi imene inamukwatitsa Ube.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akusoka m'kachipinda ka azakhali ake a Brunilda m'tauni ya Castro. Azakhaliwo anali munthu wosaseka, wa ndevu ziwiri pachibwano. Tsiku loyamba anamumanga pamkono kakhushoni kali ndi maphini khumi ndi awiri a mitu yofiira.

"Usanapereke ntchito kwa mwini wake, uziwerenga," anatero. "Akapanda kukwana, ntchito sinathe. Telala wosiya phini m'chovala ndi mfiti."

Ube ankawerenga. Ankawerenga ngakhale ntchito itakhala yongoika batani, ndipo chizolowezicho chinamulowa mpaka milomo inkayenda yokha.

Masana ena kunalowa mnyamata wonunkha mchere ndi mafuta a injini, makutu ngati zogwirira poto, mphuno yokhotera kumanzere. Anali Nolberto Barría, wa ntchito yomira pansi pa nyanja kukatola nkhono. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Iye nyimbo sankadziwa, koma pakamwa anali napo.

"Mwati muno mumagulitsa magwatero?"

"Alipo," anayankha Ube osadzutsa mutu. "Wa tirigu, wa balere. Pakuwawa ndi pati?"

"Paliponse sipakuwawa. Ine ndikufuna wa zikhadabo. Ndamva kuti watsala mmodzi."

Dzanja lake linali patebulo, lalikulu, lokhakhala. Ube anazula phini mmodzi pakhushoni n'kumubaya naye kuseri kwa dzanjalo, osati mongoyerekeza ayi.

"Nazo zikhadabo. Mwalawa?"

Nolberto anayamwa kadontho ka magazi, n'kuyang'ana azakhali aja amene anali atatutumula maso. "Ndatenga yemweyu," anatero. "Mundikulungire."

Walira mvula walira matope. Mkazi wa womira amakhala diso lili kunyanja, ndipo Ube anakhala choncho m'kanyumba kawo ka matabwa koima pa mizati m'mbali mwa gombe, phazi pa makina, maso pazenera. Chaka chimene mwana wawo Yasna anayamba sukulu, injini yopopa mpweya inazima Nolberto ali pansi. Anakwera mothamanga, chinthu chimene womira aliyense amadziwa kuti sachita. Anzake anamuvuula wamoyo, koma nyanja inatsalira m'miyendo mwake. Masana ankayenda ndithu, ndi ndodo, mpaka kukafika kumaboti kukatukwana achinyamata omanga mfundo molakwika. Vuto linali m'mawa. Kukacha, kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi kunkakhala kouma gwa, kozizira ngati nsomba, moti ngakhale kutsitsa phazi pabedi sankatha.

Choncho kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu m'mawa wa Ube unali umodzimodzi. Ankadzuka, kukoleza chitofu, kuimirira atafulatira moto mpaka msana utatentha, kenako n'kubwerera m'mabulangete kukagunditsa msanawo pa miyendo ya mwamuna wake. Ankakhala choncho osalankhula, akumvetsera mvula padenga ndi mbalame za kunyanja zikukangana. Nthawi imeneyo ankaikonda kuposa ina iliyonse. Inali ya pakati pa tulo ndi maso, pamene nyumba inkakhala ngati yamasuka pa mizati yake n'kuyamba kuyandama pang'onopang'ono, chitofu, makina, mphaka ndi zonse, kulowera kumene madzi amakumana ndi nkhungu. Akamva kuti miyendo ija yayamba kusuntha, ankatembenuka n'kumukanda kumsana ndi zikhadabo zonse khumi, mopanda chifundo.

"Dzukani, nkhalamba inu, tsiku likupita."

Ndipo nkhalambayo inkadzuka, ikudandaula kuti inakwatira mphaka.

Yasna amakhala ku Santiago, mzinda waukulu wakutali, pansanjika yakhumi ndi chimodzi, kumene ukasuzumira pazenera umaona mazenera ena. Ndi mwana wabwino, sindikana, koma ana athu akapita kumeneko amayamba kukonda makolo ngati mbale zadothi: amafuna kuwakulunga n'kuwaika pamwamba pomwe sangasweke. Anaimba foni Lachisanu. Foni kunyumba kwa Ube imagwira pamalo amodzi okha, pazenera la kukhitchini, pakati pa mphika wa maluwa ndi chithunzi cha Mtima Woyera, ndipo ndi pamene imakhala usana ndi usiku.

"Amayi, ine ndibwera kudzakuperekezani kuchipatala. Koma ababa sangatsale okha. Ndiwatenga."

"Uwatengere kuti?"

"Kuno kwanga. Kuli chotenthetsera cha magetsi, kuli chikepe, masitepe sadzakwera n'komwe."

Nolberto, amene ankati ndi wogontha pokhapokha akamatumidwa nkhuni, anakuwa ali pabenchi kuseri kwa chitofu. "Muuzeni andikwirire kaye! Ine ndikakhale m'kabati? Ndizikaona chiyani kumeneko, nkhunda?"

"Ndawamva," anatero Yasna. "Chabwino, tipangane chonchi. Ndiuza a Clorinda, oyandikana nanu aja, aziyang'ana. Ikakwana eyiti koloko utsi usanatuluke pachumuni, ndiye kuti alephera kudzuka. Tsiku limodzi lokha, amayi, limodzi, ndituma galimoto. Ndipo nyumbayo tiitseka."

Utsi sufuka popanda moto, ndipo moto suyaka popanda munthu woimirira. Ube anadziwa kuti mwanayo sakuopseza chabe. Anadziwanso kuti Nolberto akapita ku Santiago sadzaona dzinja lina. Adzakhala pampando wofewa, ofunda bwino, akuyang'ana khoma, ndipo adzazima mwakachetechete osadwala chilichonse. Apa ndipo pamene Ube anachita mantha enieni, oposa a mpeni.

Loweruka anayamba ntchito. Magwatero amene anasoka pa moyo wake akanadzaza boti, koma onse anali a ola limodzi, oti munthu aike pabondo akumvera wailesi. Uyu anafunika kutenthetsedwa madzulo, Nolberto akadali ndi miyendo, n'kusunga moto wake mpaka kucha. Wotero anali asanamusokepo, ndipo pansi pa mtima ankakayika ngati alipo.

Anayamba ndi tirigu. Anamupeta pakhonde mphepo ikumuthandiza, n'kumuyanika mu uvuni wa moto wochepa kuti anankafumbwe afe ndi chinyezi chituluke, chifukwa tirigu wa kuno amamwa mvula ngakhale ali m'thumba. Kenako anatsitsa mabotolo a njere za matcheri zimene ankasunga chaka ndi chaka akaphika jamu, zowiritsa, zopukuta ndi burashi, zowala ngati mano a mwana. Anasoka timatumba tisanu toyesera, kalikonse ndi zam'kati zake, n'kutitenthetsa pamodzi, n'kutikulunga m'juzi, n'kutindanda patebulo. Ola lililonse ankadutsa n'kugunditsa tsaya pa kalikonse, pakuti dzanja la telala ndi lonama, khungu lake linakhuthala kale. Tirigu yekha anali wofewa, wokumbatira thupi bwino, koma ankataya mtima msanga. Njere za matcheri zinkasunga moto nthawi yaitali, koma zinali zolimba ndi zaphokoso. Mchere wa miyala unasunga moto kuposa zonse, kenako unayamba kulira madzi, ndipo Ube anautaya pakhomo akuutukwana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masiku anayi anapeza muyezo wake: makapu atatu a tirigu, imodzi ya njere, ndi dzanja limodzi la masamba ouma a bulugama kuti chifuwa chitseguke.

Nsalu sanakagule. Za kusitolo masiku ano n'zosakaniza ndi pulasitiki, ukaziika mu uvuni zimalira n'kusungunuka. Anatsegula kabati n'kutulutsa chovala chake chogonera, chathonje lenileni, chabuluu cha timaluwa toyera, chimene chinali chitafewa ndi kuchapidwa. Anatenga tepi n'kudziyeza yekha, kuyambira pakhosi mpaka kuseri kwa mawondo, ndipo utali umenewo ndi umene anadula. Anagawa thumbalo zipinda zisanu ndi ziwiri kuti tirigu asathamangire mbali imodzi, komanso kuti lizipindika n'kulowa mu uvuni ngati mtanda wa buledi. Kunja kwake anakonza chofunda cha chikopa cha nkhosa, ubweya kuloza m'kati.

Ali mkati mosoka, kunalowa a Clorinda, oyandikana nawo nyumba, amene anamunyamula Yasna pa ubatizo ndipo kuyambira pamenepo amatchulana komadre ndi Ube ndipo salowa ndi odi. Anaima akukutumula shawelo yonyowa, n'kuyang'ana chinthu chachitali chija chitagona patebulo.

"Komadre, ameneyu ndi gwatero, kapena mukuwasokera mkazi wachiwiri?"

"Wachiwiri, komadre. Wosalankhula, wosadya."

"Ndiye mundisokereko wanga wamwamuna. Koma wosaliza mkonono."

"Musadzivute. Wamwamuna amazizira msanga."

A Clorinda anaseka mpaka kukhosomola. Atapukuta misozi anatsitsa mawu. "Mukudziwa kuti ine zaukazitape sindifuna. Koma mwanayo wandilumbiritsa. Utsi ukapanda kutuluka, sindinama."

"Musaname," anatero Ube. "Mungoyang'anitsitsa. Maso anuwo nthawi zina amaona za eni zokhazokha."

Kudzaza ndiye kunali kokoma. Anadula botolo pakati, n'kulowetsa kukamwa kwake pa chipinda choyamba, n'kuyamba kuthira. Chipinda chilichonse sachidzaza mpaka pakhosi, amasiya gawo limodzi mwa atatu kuti tirigu apeze poyenda ndi potsata mafupa a munthu. Tirigu akamatsika m'botolo amalira ngati mvula yoyamba padenga, ndipo masana amenewo panja pankagwanso mvula, moti Ube sanathenso kusiyanitsa kuti ikugwa kunja ndi iti, ikugwa m'manja mwake ndi iti. Maso analemera. Anaona munda wa tirigu uli pansi pa nyanja, wakucha, wachikasu, ukuweyuka ndi madzi. Pakati pake pankayenda Nolberto wa zaka makumi awiri, payipi ya mpweya ikumutsata kumbuyo, miyendo yake yonse iwiri ili yamphamvu, akukolola ngala n'kumaika m'thumba la nkhono. Anamukodola kuti atsike. Ube anafuna kumuuza kuti sadziwa kusambira, koma madziwo anali ofunda, akununkha buledi, ndipo anaona kuti palibe chifukwa chokanira. Kenako mtima unadumpha msoko umodzi, uwiri, n'kuima kaye ngati ukuganiza. Anadzidzimuka botolo litapendekeka, tirigu ali mbwee pansi, mphaka akumusewera.

Anakhala kanthawi atagwira pachifuwa. "Iwe, dikira," anauuza mtimawo. "Ndikadali ndi zipinda zinayi."

Msoko womaliza anausoka Lamulungu masana, pamanja, chifukwa makina sangathe kuluma thumba lodzaza. Anatseka kukamwa kwake ndi maphini n'kumawazula mmodzimmodzi singano ikamafika. Atatsala pang'ono kumaliza, pakhomo panaima galimoto yahayala, ndipo Yasna analowa ndi masutikesi, ndi mafunso, ndi fungo la mzinda. Mankhwala mwalongedza? Makalata a dokotala ali kuti? Chovala chogonera chabuluu chija mwachiika pati? Ube anamanga mfundo, kuluma ulusi, kukumbatira mwana wake, ndipo madzulo onse anathera m'kulongedza.

Dzuwa lisanalowe anamuyesa gwateroyo. Anamuonetsa Nolberto zonse ngati akuphunzitsa mwana.

"Mumuike mu uvuni moto ukatsika, osati malawi ali pamwamba. Pambali pake muike kapu ya madzi kuti tirigu asapserere. Mumutembenuze kamodzi. Mukamutulutsa, muyese patsaya. Mwamva?"

"Ndamva, a dokotala."

"Mukamuwotcha, ndidzakuwotchani inuyo."

Anamugoneka pabenchi n'kumuika gwateroyo kumsana, kuyambira pamapewa mpaka kuseri kwa mawondo. Nolberto anatseka maso. M'khitchini monse munadzaza fungo la buledi ndi bulugama. Yasna anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akuyembekezera.

"Ndi wofunda," anatero Nolberto patapita nthawi. "Ndi wolemera bwino. Akununkhanso inu pang'ono." Anatsegula diso limodzi. "Koma nkhalamba, alibe zikhadabo."

Inali nthabwala, yomwe ija ya zaka zonse, koma palibe anaseka, ngakhale mwini wake. Ube anati akukatenga nkhuni. Kuseri kwa mulu wa nkhuni analira, chifukwa zinali zoona. Akanatha kusoka kutentha, kulemera, ngakhale fungo, koma munthu woti akande mnzake n'kumuuza kuti tsiku likupita sasokedwa ndi ulusi.

Lolemba m'mawa anamudzutsa monga mwa masiku onse, koma anachedwerapo m'mabulangete, ndipo pokanda anakanda pang'onopang'ono. Basi inafika naini koloko. Nolberto anawaperekeza mpaka pamsewu ndi ndodo yake, chipewa chitatsitsidwa mpaka m'maso.

"Mukawauze madokotalawo asatengeko kanthu," anatero. "Zonse ndi zanga, ndinalipira kale."

"Munalipira chiyani, inu? Kadontho kamodzi ka magazi?"

Basi itanyamuka Ube sanacheuke. Anadziwa kuti akacheuka atsika.

Pa sitima yowolotsa magalimoto kupita kumtunda waukulu, anthu anatsika m'basi kukaima m'mbali, koma iye anatsala pampando, mutu utatsamira galasi. Nkhungu inali itatseka kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chilumba chinasowa, mtunda unali usanaoneke, ndipo kwa kanthawi basi yonse inkayandama pamalo opanda dzina, monga nyumba yake inkachitira m'mawa. Ankamva injini ikugunda pansi pa mapazi. Anaganiza za munda wa tirigu uja, kuti mwina uli pompano pansi pawo. Yasna anabwera ndi tiyi m'kapu ya pepala, n'kuona kakhushoni pamkono wa amayi ake.

"Amayi, mpaka kuchipatala? Mukukasoka ndani kumeneko?"

"Ndisiye. Popanda ichi mkono umapepuka, ndimakhala ngati ndili maliseche."

Lachiwiri kunacha koyera. Hafu pasiti seveni kunabwera namwino wamng'ono, wa mawu okoma, ndi kathumba ka pulasitiki.

"Agogo, tichotse zitsulo zonse. Mphete, ndolo, ndi ichonso."

Ube anavula mphete, imene inakana kaye pamfundo ya chala. Anavula ndolo. Anamasula kakhushoni, ndipo asanapereke, milomo inayamba yokha ntchito yake ya zaka makumi asanu. Mmodzi, awiri, atatu. Anafika pa khumi ndi mmodzi, chala chinapita patsogolo n'kupeza nsalu yokha. Anayambiranso. Khumi ndi mmodzi. Anakutumula bulangete, anafufuza m'chikwama, anapapasa pansi pa pilo. Kenako anakumbukira Lamulungu masana: kukamwa kwa thumba, galimoto pakhomo, ulusi umene analuma osawerenga.

"Yasna! Foni! Imbira abambo ako!"

"Chavuta n'chiyani?"

"Ndasiya phini m'gwatero. Ndine mfiti, mwana wanga, ndasiya phini! Munthu wosamva miyendo, akhoza kugonera usiku wonse, magazi akutuluka, iye osadziwa!"

Yasna anatulutsa foni, koma asanaimbe anayang'ana wotchi. Inali isanakwane eyiti. "Amayi, foni ili pazenera la kukhitchini. Ngati sanadzuke, sayankha."

"Imba."

Inalira kamodzi, kawiri. Ube anaigwira ndi manja onse awiri. Ankaona khitchini yonse m'maso mwake: chitofu chozizira, ketulo yopanda madzi, foni ikunjenjemera pafupi ndi Mtima Woyera, ndipo kuchipinda munthu atagona chagada akumva kulirako, miyendo ili gwa. Kachisanu. Kachisanu ndi chimodzi. Namwino anaima ndi kathumba kake osadziwa chochita.

"Ndani akuimba m'mamawa ngati kwagwa maliro?"

"Nolberto! Musamukhudze gwatero uja! Muli phini m'kati, chakumapeto, ndinaiwala..." Anaima. "Dikirani kaye. Mwayankha bwanji?"

"Nanga foni imabwera yokha kubedi? Ndaimirira, mayi. Moto ukuyaka, ketulo yawira, ndipo a Clorinda ali pampanda khosi m'mwamba ngati apolisi. Ndawaikira nkhuni zaziwisi kuti aone bwino."

Yasna, amene anali atagunditsa khutu kufoniko, anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Ndiye wasunga moto mpaka kucha?" anafunsa Ube.

"Wasungako. Wochepa, ngati wa kamwana ka mphaka, koma unalipo. Miyendo inali itafewa, kungoti inali ikuganizabe. Ine ndinati basi, lero ndagonja, abwere ndi galimoto yawoyo. Ndiye ndati nditembenuke ndimukumbatire mnzangayo, titsanzikane. Mayo! Pamwamba pa thako penipeni, pomwe nyanja sinafike! Ndangozindikira ndili pakhomo la kukhitchini ndikutukwana, ndodo ndaisiya kuchipinda."

Ube anayamba kuseka, ndipo kusekako kunamupweteka pachifuwa, koma sanathe kuleka.

"Lamulungu lija ndinamunamizira," anapitiriza Nolberto. "Ali nazo zikhadabo. Ndi zomwe zija za ku Castro, ndazizindikira."

Yasna analanda foni. "Ababa, lero mwadzuka. Nanga mawa?"

"Mawa? Iwe, munthu angagone mpaka eyiti ali ndi chinjoka chimenechi m'mabulangete? Galimoto yakoyo uiuze ikanyamule ena. Ndipatse amako."

Ube anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Mverani, nkhalamba. Mutenge sizasi m'dilowa ya makina. Mumasule msoko wakumapeto pang'ono pokha, mumuchotse, kenako a Clorinda adzatseke."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Ine sindikhudza ntchito ya telala. Azakhali anu a ndevu aja ankati chiyani? Akapanda kukwana, ntchito sinathe." Mawu ake anali atasintha, nthabwala zonse zitathamo. Ube anamva ketulo ikulira kumbuyo kwake, ndi mbalame za kunyanja. "Ndiye ntchito yanu sinathe, Ube. Mubwere mudzamuchotse nokha. Mwamva? Nokha."

Kuyambira tsiku limene kalata inafika Ube anali atakonza zonse ngati munthu wosabwerera. Anadula chovala chake chogonera, anadziyeza utali, anasiya wina m'malo mwake. Tsopano, kwa nthawi yoyamba, anafuna kubwerera, ndipo anafuna ndi ukali.

"Ndamva," anatero. "Musamuwotche."

Anapereka kakhushoni kwa Yasna, osati kwa namwino. "Usunge. Alipo khumi ndi mmodzi. Usataye ngakhale mmodzi."

Anamukankha pabedi la mateyala m'khonde lalitali, magetsi akudutsa pamwamba limodzilimodzi. M'chipinda chozizira chija dokotala wachinyamata anawerama, maso okha akuoneka, n'kumufunsa ngati ali ndi funso.

"Funso ndilibe, mwana wanga. Musoke mothithikana, musasiye kanthu m'kati, ndipo musachedwe. Ndasiya ntchito yosatha kunyumba."

Anamuika chophimba pamphuno n'kumuuza kuti awerenge pang'onopang'ono. Ube anatseka maso. Bedi linamasuka n'kuyamba kuyandama, ndipo kutali kunkamveka tirigu akutsika m'botolo. Mitu yofiira inabwera yokha, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo milomo inayenda. Asanu ndi anayi. Khumi. Khumi ndi mmodzi. Pamenepo anaima, chala chili m'mwamba, akukana kutseka chiwerengero. Wa khumi ndi awiri anali ku Chiloé, m'mabulangete, akumudikira.